Mbale Kuseri kwa Chitseko

Chaka chomwe anthu anayamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana, kamwazi anavuta ku Chifunga. Anali kamwazi wamakani, wosamva mankhwala. Makapisozi omwe kale ankachiza msanga, tsopano munthu ankangowameza ngati mtedza. Stelia anataya mwana wake woyamba choncho, n'kutsala ndi kamtsikana kamodzi, Chiyanjano.

Ndiye kunabwera Dorica, wazaumoyo, ndi mbale zomwe ankaziyesa m'midzi. Zinali zazikulu koma zosazama, zopakidwa ufa woyera mkati, zovundikira ndi galasi. Ankati dzuwa likamenya ufawo tizilombo ta m'madzi timafa, ngakhale tija tokanika ndi mankhwala. Lamulo linali limodzi basi: mbale ikhale padzuwa.

Tsoka la Dorica linali kwawo. Anali wa ku Kasungu, ndipo masiku amenewo ukangotchula kwanu, anthu ankakupatsiratu chipani. Amene anadana naye kwambiri anali Gerishon, mchimwene wake wa Stelia, mwini mbumba wodziwa zonse yemwe sanafunsepo funso chibadwire.

"Madzi akumwa sakhala pabwalo," anatero Gerishon atapeza mbale pathandala. "Anthu tadana chifukwa cha zipanizi. Wina angodutsa n'kuthiramo kanthu. Lowetsa m'nyumba."

Stelia anaopa. Anaika mbaleyo kuseri kwa chitseko, pambali pa mtsuko, n'kuifunditsa nsalu yochapa bwino monga madzi akumwa amalemekezedwera. Inkaoneka yaukhondo ndithu, ndipo tizilombo tinkakhalamo mwamtendere.

Pamene Dorica ankabweranso, Chiyanjano anali atayamba kupotokola m'mimba. Dorica anavundukula nsalu ija, nkhope yake n'kusintha.

"Mayi, kodi dzuwa limalowa muno? Mwanayu wakhala akumwa madzi a kumtsinje osaphedwa kanthu."

"Musamukalipire mlongo wanga," anayankha Gerishon ali pakhomo. "Mwana anali bwinobwino ufa wanuwo usanabwere. Mwatumidwa kudzatimaliza, eti?"

"Ndatumidwa ndi maliro a m'mudzi mwanu muno, bambo. Inu mwatumidwa ndi ndani?"

Anthu anayamba kusonkhana. Ena ankati ufawo ngwotseka mimba za amayi, ena ankati mlendoyo apite kwawo. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za mwana.

Stelia anapsa mtima, ndipo anadzikwiyiranso yekha. Anakhuthula madzi aja, kuthiramo ena, n'kutuluka nayo mbaleyo. Anaiika pakati pa bwalo pomwe dzuwa linkaswa mtengo, anakhala pansi n'kuiika pakati pa miyendo yake, munsi uli pambali.

"A Dorica, mutengeni mwanayu kuchipatala, ndikupezani ndi madzi. Wofuna kuthira kanthu abwere ndili pompano."

Gerishon anamuloza chala Stelia mwaukali. Mlongo wake anali asanamutsutsepo pagulu.

"Wasankha mlendo, Stelia? Chabwino. Koma mwanayo zikavuta usandiitane. Sindidzayendetsa mwambo, ngakhale khasu langa sulidzaona kumanda."

Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti maliro opanda malume ndi manyazi osatha. Stelia sanadzutse n'komwe mutu.

"Maliro mumayendetsa bwino, achimwene, palibe wokuposani. Koma uyu sindikukupatsani."