Lichero Lopanda Mbewu

"Thirani mchenga m'licheromo, alamu, muvindikire ndi chitenje. Akaona ndani?"

Anali a Ketilina, mlongo wawo wa amuna anga, atagwada pabwalo pathu ku Kasenengwa, manja ali kale mumchenga. Linali Lamulungu lodalitsa mbewu. Chaka chilichonse mvula isanagwe, banja lililonse limasenza mbewu zake kupita nazo kutchalitchi kuti Bambo Mfumu akaziwaze madzi odalitsidwa. Ine chaka chimenecho ndinalibe ngakhale kanjere kamodzi.

Chilala chinawotcha chimanga chathu chisanabereke. Ndinatsala ndi chitini cha mtedza wambewu, nshawa monga timatchulira kwathu, chimene ndinabisa kudenga kuti ana asachione. Kenaka amuna anga, a Alfonsi, anagwa m'munda, n'kubwerako kuchipatala ku Chipata atafa mbali imodzi, pakhosi pakungodutsa phala. Phala lopanda nsinjiro munthu sadzuka nalo. Ndinatsitsa chitini chija, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasinja munda wanga wamawa mumtondo, misozi ili mbwembwembwe, mpaka chitini chinayera.

"Mchenga ayi," ndinatero. "Anthu ndingawapusitse. Nanga Mwini wake wa madziwo?"

"Ndiye khalani pakhomo. Mukatichititsa manyazi banja lonse."

A Alfonsi anali gone pamphasa pakhonde. Anadzisisita pamimba ndi dzanja lamoyo lija, lilime likulemera.

"Amake Chipo, akakufunsani nshawa, mukawauze kuti nkhokwe yake ndi iyi."

Anaseka chokhotetsa pakamwa, koyamba chigwereni. Nane ndinaseka mpaka kukhala pansi. Pomwepo ndinaona chimene misozi inkandibisira: mbewu yanga sinatayike, inali pamphasa apo, ikupuma, ikundiseka. Mulungu sanachoke pakhomo panga. Ndinakutumula lichero, n'kulisenza lopanda chovindikira.

Kutchalitchi anthu anandanda ndi malichero a chimanga, mabeseni a mtedza, timatumba ta nyemba ndi mpendadzuwa. Ine ndine wamfupi, choncho aliyense ankaona m'lichero mwanga popanda kusuzumira. Manong'onong'o anayenda mumzere. Wina kumbuyo anati, "Chaka chino a Edita adzala mphepo." Koma mizere ya kumunda ndinali nditaunda kale ndekha, dzuwa likuswa mtengo, ndipo sindinabwere kudzabwerera panjira.

Nditafika kutsogolo ndinagwada n'kutula lichero. Bambo Mfumu anakweza dzanja, n'kuima. Anayang'ana m'lichero, anayang'ana ine.

"Amayi, mbewu zili kuti?"

"Zinachiritsa wodwala, Abambo. Koma munda ulipo, khasu lilipo, manja ndi awa. Wazani."

Bambo Mfumu anaviika chowazira chija kwambiri, n'kuwaza mosaumira, mpaka madzi anayenderera m'mizere ya nsungwi, ena kundigwera kumaso. Anali ozizira. Kwaya inayamba nyimbo yoyamika, ng'oma n'kuvomera.

Ndinayembekezera kuti ndidzuka ndi manyazi. Ayi ndithu. Chimwemwe chinandidzadza pachifuwa, chosadalira nkhokwe, chosadalira mitambo, ndipo mpaka lero sichinandichoke, ngakhale a Alfonsi sanayendenso. Ndinasenza lichero langa lonyowa, n'kuyamba kuvina pobwerera, choweramira pansi monga tinkavinira tili atsikana. Sindinkadziwa chimene ndikadzale mawa. Ndinavina basi.

Ndili pakati pa azimayi ndinamva kaphokoso pamutu panga, ngati mvula yoyamba ikamagogoda pamalata. Kanabweranso kumanzere, kenaka kumanja. Nthungululu inalira. Lichero linayamba kulemera pang'onopang'ono, njere zikugubuduzika uku ndi uku ndikamagwedeza khosi. Sindinatukule maso kuti ndione oponyawo, kuopa kuwerengera anthu zabwino zawo.

Koma pafupi ndi khomo dzanja lina linadutsa pamaso panga penipeni, litafumbata mtedza wofiira, ndipo linabweranso kachiwiri. M'zikhadabo zake munali mudakali mchenga wa pabwalo panga.