Chisanu cha m'Akakolo mwa a Torleif

A Torleif sankakhulupirira munthu wolowa m'nyumba mwawo ndi zida zoyezera, makamaka woitanidwa ndi mwana wawo Gunnhild. Chiyambire nyengo yachisanu, mkuluyu ankadandaula kuti akakhala pampando wawo wa pawindo mapazi amachita kuuma gwa. Gunnhild ankangoloza choyezera kutentha cha pakhoma: madigiri 22. Anali atayamba kale kutchulatchula za nyumba ya okalamba ya kuseri kwa tchalitchi, ati bambo mutu wayamba kusokonekera.

Tsiku lina Gunnhild anabwera ndi Oddvar, woyeza kutentha kwa m'nyumba. Woyezayo anavula nsapato pakhomo n'kuimika kandodo kachitsulo pambali pa mpandowo. Kanali ndi timaso titatu: kena pa akakolo, kena m'chiuno, kena pamutu pa munthu wokhala pansi.

"Cha pakhomacho chimanama, bambo," anatero. "Mutu ukhoza kumva kufunda uku mapazi akulira. Kandodoka kakhale pompano sabata yathunthu. Musakasunthe."

Musakasunthe! Nanga awiriwo amanong'onezana chiyani pamasitepe? Nanga kanyali kofiira ka pakandodoko kakuphethira chiyani? A Torleif anagwira ntchito ya matelefoni zaka makumi atatu, ankadziwa kuti chophethira chimamvanso. Akufuna andijambule ndikuyankhula ndekha, anaganiza, apeze pondigwirira. Sindine mwana ine. Tsiku lomwelo anakanyamula n'kukakatsekera m'bafa, momwe pansi pamatenthetsedwa ndi magetsi nthawi zonse. Kazimvera madzi kumeneko!

Sabata itakwana anakabwezera pamalo pake m'mamawa, mumtima akuseka chikhakhali.

Oddvar atabweranso ndi Gunnhild, anayang'ana pakompyuta yake nthawi yaitali, akukanda ndevu. "Zachilendo izi. Akakolo 27, mutu 23. Komanso seveni koloko iliyonse chinyezi chikukwera ngati m'nyumba muno mumagwa mvula."

Gunnhild anayang'ana chitseko cha kubafa, kenako bambo ake. "Ababa, munakakaika kuti?"

Apa mpamene mantha anawagwira. Akaulula, ndi openga. Akakhala chete, manambala akuti mapazi awo ndi ofunda, ndi opengabe. Adzikola okha, ndi manja awo omwe. Gunnhild anapisa m'chikwama n'kutulutsa fomu ya kunyumba ya okalamba ija.

"Vula masilipasi akowo," anatero a Torleif. Anali achikopa cha nkhosa, ndipo Gunnhild sankaponda m'nyumbamo popanda iwo. "Vula, mwanawe. Ima apa."

Gunnhild anausa moyo, koma anavula, n'kuima pafupi ndi mpando. Posakhalitsa zala zake za kuphazi zinayamba kupindika. Oddvar anagwada, n'kuyendetsa dzanja m'munsi mwa chitseko cha kukhonde, akugwedeza mutu. Mphepo inkalowera pamenepo.

"Kukuziziradi," anatero Gunnhild chapansipansi. "Simumanama."

"Waonatu!"

"Ndaona. Koma ababa, sabata yonse m'bafa? Mumaopa kuti kakuchitani chiyani?"

A Torleif anayang'ana kanyali kofiira kaja. Fomu ija Gunnhild sanaibwezere m'chikwama. Anaisiya patebulo, cholembera chili pamwamba.