Chikhakhali Chimene Nele Anawonjezera

Pakoleji ina ya zisudzo mumzinda wa Antwerp panali lamulo limene ophunzira kulemba masewero ankalimva tsiku loyamba lenileni: sewero lako likamawerengedwa kapena kuseweredwa, iwe mwini wake ulibe pakamwa. Ukhale kumbuyo, manja pamiyendo. Akalinyoza, meza malovu. Akalikhotetsa, mezanso malovu. Aphunzitsi awo, Mayi Wouters, ankati wolemba wodzuka kukaikira kumbuyo sewero lake ali ngati kholo lotsatira mwana wake kubanja. Nele anasunga lamuloli zaka zonse za maphunziro ake, ndipo ankadzitama nalo.

Tsono linafika tsiku lomaliza, Loweruka masana, pamene otsiriza maphunziro amaonetsa masewero awo kwa anthu olemba anzawo ntchito. Musaganize kuti digiri imeneyi imadyetsa munthu, ayi ndithu. Amene anatuluka chaka chathacho Nele ankawadziwa onse. Wina ankalemba mawu otsatsa sopo, awiri ankaperekera mowa m'mabala, wina ankaphunzitsa tiana kugwedezeka ngati mitengo. Chaka chino mwayi weniweni unali umodzi wokha. Bambo Segers, amene kampani yawo inkapanga masewero a apolisi ndi zigawenga a pa kanema, ankafuna munthu mmodzi woti alowe m'gulu la alembi awo. Malo amenewo Nele ankawafuna moti ngakhale chakudya sichinkamulowa.

Sewero lake sanalipeke. Analitola kwawo, nangosintha maina. Bambo ake anali munthu woti akaledzera, mayi ndiwo ankasanduka ng'oma. Tsiku lina Staf, mlongo wake wamkulu wa Nele, asanamere n'komwe ndevu, anatola sipanala n'kuwakantha nayo kumutu ali pamwamba pa masitepe. Anagubuduzika mpaka pansi, osadzukanso. Banja linauza apolisi kuti agwa ndi mowa, ndipo apolisiwo, powadziwa bambowo ndi botolo lawo, sanafunse zambiri. Nele anaona zonse ali pansi pa tebulo. Anaona Staf atagwada pambali pa mtembo, akulira mamina ali chuchuchu, akuwapempha kuti adzuke. Lero Staf anali bambo wa ana awiri, woyendetsa makina onyamula makontena padoko, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso m'banjamo.

Poyamba Nele analemba mmene zinachitikira, kulira n'komwe. Ataliwerenga m'kalasi, anzake anayasamula. Mayi Wouters anati misozi n'njotchipa, wakupha wa m'sewero la wophunzira aliyense amalira, iwo akufuna kuchita mantha. Mnyamata wina kumapeto kwa tebulo anati bwanji m'malo molira aseke. Nele analibe pakamwa, si lamulo lija? Anapita kuchipinda kwake, nafufuta kulira kuja, n'kuikapo chikhakhali ndi kuponda mtembo. M'mawa mwake aliyense anati eya, tsopano sewero lapuma. Tuur, amene ankasewera mwana wakuphayo, anali munthu wofatsa woti ngakhale kangaude amamutulutsa panja ndi kapu. Ankagawana tchipisi ndi Nele pakhonde la koleji, uku akuyeserera kuseka kuja mpaka Nele tsitsi linkamuima.

Masana amenewo Nele anakhala mzere wotsiriza, pafupi ndi mnzake Fien amene ankayang'anira magetsi. Sewero loyamba linali ndi chizolowezi chija chokondedwa pakolejipo, chobisa wosewera pakati pa oonera kuti adzadzuke mwadzidzidzi n'kuyamba kukalipa. Anthu anaomba m'manja monyong'onyeka. Pa nthawi yopuma Bambo Segers anabwera n'kukhala mpando woyandikana ndi wa Nele, ati amakonda kumva mmene wolemba akupumira sewero lake lili mkati. Mtima wa Nele unadumpha ndi chimwemwe. Apo m'pamene anaona khosi lalikulu lofiira mzere wachiwiri, jekete lakuda limene Staf amangovala pamaliro, ndi mtolo wa maluwa pamiyendo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Staf sanaitanidwe. Ayenera kuti mayi ndiwo anamuuza, iye n'kupempha tchuthi padoko kuti adzanyadire mlongo wake wophunzira. Mpata wotsika kukamugwira dzanja n'kutuluka naye panja unalipo. Koma Bambo Segers anali akumufunsa ngati angathe kulemba gawo lathunthu pasabata, ndipo Nele anali akuyankha kuti angathe. Magetsi anazima.

Nele sanaonere sewerolo, ankaonera khosi lija. Bambo wa m'seweromo atayamba kuponya mbale, khosilo linauma gwa. Mayi atabisa mwana wamkazi pansi pa tebulo, maluwa anatsetsereka n'kugwa pansi, osatoledwa. Kenaka Tuur anakweza sipanala ya labala, mkulu wosewera bambo uja anagubuduzika mwaluso n'kugona chafufumimba, maso atatseka. Tuur anaima pamwamba pake, namuponda, naponyera mutu kumbuyo, n'kuseka chikhakhali chija.

Staf anadzuka. Sanathamange. Anadutsa pamiyendo ya anthu akupepesa, nakwera pansanja ngati wokwera makina ake m'mawa. Tuur anatembenuka pakamwa pakadali kuseka. Chibakera choyamba chinamupeza pomwepo.

Nkhonya ya m'sewero imadutsa pambali, ndipo phokoso amalipanga wosewera podzimenya pantchafu. Imalira mokoma, phaa. Iyi inangoti dii, ngati nyama yogwa pathabwa la m'butchala. Tuur anagwera patebulo, miyendo ya tebulo n'kuthyoka, wosewera mwana wamkazi uja n'kukwawira pambali. Staf anamugwira tsitsi, namudzutsa, namukhoma china pamphuno, china padiso. Magazi anathovokera pamalaya oyera. Tuur anayesa kukwawa, Staf anamukokera mwendo, namukhalira pachifuwa, n'kumamusinja ndi manja onse awiri. Mkulu uja anali gonee pambali pawo, maso ali tseke, poti wosewera wodziwa ntchito yake akafa sasuzumira.

Ndipo holo yonse inali zii, kukomedwa. Taonani anthu ophunzirawa! Anali ataona kale wina akudzuka pakati pawo masana omwewo, ndiye ankangoti uyu ndiye akuitha. Mayi wina kutsogolo anapukuta dontho la magazi pa tsaya lake, naliyang'ana, n'kugwedeza mutu mosirira.

Fien anawerama. Ankadziwa kuti Nele amasintha zinthu mpaka mphindi yomaliza osauza munthu. "Nele, izi n'zako? Ndiyatse?"

Liwu limodzi lokha likanakwana. Nele anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo dzanja la Bambo Segers linamugwira pamkono. "Munthu ameneyu mwamutenga kuti? Izi n'zimene ndakhala ndikufunafuna, mayi. Musazikhudze."

Nele anatseka pakamwa. Anadziuza kuti ndi lamulo, wolemba salankhula. Bodza lenileni! Lamulo lanji pamene mnzako akulavula mano? Chimene chinamugwira lilime chinali mpando uja wa m'gulu la alembi, ndipo iye ankadziwa. Ankangoti kamphindi kena, Staf asiya yekha, Tuur adzuka, zonse zidzakonzedwa pambuyo. Tuur anali atasiya kutchinga nkhope. Manja ake anali lende pansi, mutu ukungotsatira nkhonya uku ndi uku.

Staf anasiyadi yekha. Anaimirira wefuwefu, zala zikudontha, natchinga maso ndi dzanja chifukwa cha kuwala kwa magetsi. Ankafunafuna mumdimamo. Ankalira monga analirira tsiku lija, mamina n'komwe.

"Nele, uli kuti?" Mawu ake anali osasa. "Iwe unalipo. Unali pansi pa tebulo, unaona. Ine sindinaseke. Auze anthuwa kuti bambo aja ndinawapha, koma sindinaseke."

Anadikira. Nele ankamuona bwinobwino, iye osamuona. Fien anamuyang'ananso. Nele sanayankhe.

Wina anayamba kuomba m'manja, holo yonse n'kutsatira, ena mpaka kuimirira. Staf anawayang'ana pakamwa pali yasa. Mkulu wakufa uja, atamva m'manja, anatsegula maso kuti adzuke akagwadire anthu. Chimene anaona pafupi ndi mphuno yake chinali mano awiri m'thamanda la magazi. Anakuwa mfuu yosaphunzira kusukulu iliyonse. Fien anayatsa magetsi onse osafunsanso munthu, ndipo kuomba m'manja kuja kunazilala pang'onopang'ono, ena akumbuyo akupitirizabe poti sanamvetse.

Tuur anamunyamula pa machira, nsagwada itathyoka, diso limodzi litatsekeka ndi chotupa chakuda. A ambulansi anati disolo n'zokayikitsa. Munthu amene nkhope yake ndiyo inali khasu lake, ndipo anali ndi mayeso osankhira osewera a filimu sabata yotsatira. Staf anakhala m'mphepete mwa nsanja kudikira apolisi, ndipo atabwera anapereka yekha manja. Wapolisi wamkulu anali atamva kale kwa oonera zimene Staf ananena za bambo ake, ndipo anati zimenezonso akazikamba kupolisi.

Akumutulutsa, Nele anaima pakhomo. Pakamwa paja tsopano panatseguka.

"Achimwene."

Wapolisi anaima, nafunsa Staf ngati mayiwa ndi achibale ake. Staf anamuyang'ana Nele kuyambira kumutu mpaka kumapazi, modekha, ngati akuwerenga nambala ya kontena.

"Ayi bwana. Awa ndi alembi a sewero."

Anapita naye. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma Nele anamva kuti lake lathyoka, natsamira khoma. Maluwa aja anali pansi mzere wachiwiri, atapondedwa ndi anthu potuluka.

Bambo Segers anamupeza pomwepo, nkhope ili mbuu, akuvala chikhoti. Anapepesa, anati akanadziwa sakanamugwira mkono, ndi zoopsa, zoopsa zedi. Anakhosomola. Kenaka anati komabe malo aja ndi ake, abwere Lolemba m'mawa. Atafika pachitseko anatembenuka, nati zija munthu womenya uja ananena kumapeto, zoti sanaseke, asazitaye, zinthu zotere munthu sungazipeke.

Nele anafuna kuwalavulira.  Koma atagwira pakamwa pake anapeza milomo ikuyenda yokha, ikubwereza mawu a Staf mmene anawanenera, kuti lina lisamuthawe. Ndipo anali atadziwa kale tsamba limene adzawaikepo.