Jhumur Akana Kutsekula Geti

Jhumur anaona timatuza pamimba pa mwana wake Putul pamene ankamuvula kuti amusambitse. Tinali tofiira, tina tili ndi madzi m'kati. Atamutembenuza anapeza tina kumsana ndi kuseri kwa makutu. Thupi la mwanayo linali lotentha kuyambira dzulo lake.

"Amayi, kukuyabwa," anatero Putul uku akudzikanda.

"Usakande, mwanangu. Ndi katsabola ameneyu."

Jhumur anakumbukira za tsiku lotsatira. Mawa lake mlamu wake Kakoli, mlongo wa mwamuna wake, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ankabwera kuchokera ku Asansol kudzachitiridwa phwando la shadh, limene mayi woyembekezera amamuphikira zakudya zonse zimene mtima wake ukufuna. Anali woti akhala pakhomopo mpaka atabereka. Ndipo m'banja la a Ghoshal, pa phwandolo mwana wamng'ono amakhala pamiyendo pa mayiyo, awiriwo n'kudya phala la mpunga wa mkaka ndi supuni imodzi. Mwana wamng'ono m'banjamo anali Putul yekha.

Mwamuna wa Jhumur ankagwira ntchito kutali, ku Surat. Mwini khomo anali apongozi ake, a Nirmal Ghoshal, amene anapuma ntchito ya kunjanji. Chimwalirireni akazi awo, nthawi yawo yonse inkathera pa bokosi lamatabwa lodzaza ndi timabotolo ta mankhwala a homiyopathi, amene si akuchipatala. Anthu a mumsewu wawo ku Ranaghat ankabwera m'mawa uliwonse kudzalandira timibulu toyera totsekemera, ndipo iwo ankapereka ulere.

Atamva za Putul anabwera ndi bokosi lawo, navala magalasi.

"Nkhani yaing'ono iyi, amake Putul. Yasamula, mdzukulu wanga. Pansi pa lilime, usatafune. Ndipo musamupatse anyezi wamuwisi, amapha mphamvu ya mankhwala."

"Nanga alamu mawa, Bambo?"

"Alamu atani? Ndili ndi botolo lina loteteza. Akangolowa pageti ndimupatsa, basi matenda amulambalala." Anadziguguda pachifuwa. "M'nyumba muno katsabola sanagwirepo munthu. Ine sindinadwalepo, Kakoli sanadwalepo. Chaka chimene msewu wonse unagona nawo, mwana wanga ankasewera panja, khungu lili see. Ntchito ya bokosi ili."

Jhumur katsabola anadwala ali mwana, ndipo chipsera chinalipo pamphumi pake. Atamugoneka Putul anapita kuseri kwa nyumba kukaitana Shefali, mnansi wawo, amene anali namwino pa chipatala cha amayi ndi ana.

Shefali anamuyang'ana mwanayo m'kamwa ndi m'maso, namvetsera kapumidwe kake.

"Uyu achira, usade nkhawa," anatero. "Muwenge zikhadabo kuti asadzipweteke pokanda. Azimwa madzi pafupipafupi. Thupi likatentha mupatse panado wa ana, koma asipirini ayi, ndi woopsa kwa mwana wa katsabola. Masamba a nimu mungathe kumukupiza nawo, palibe vuto. Koma ukaona akubanika, kapena akungogona osadzuka bwino, kapena tizilonda tatupa n'kuyamba mafinya, usadikire, thamanga naye kuchipatala."

"Ndamva, achemwali. Koma mawa kukubwera alamu."

Shefali anaika pansi kapu ya tiyi imene anali atangoinyamula.

"Kakoli? Ndi mimba ija? Anadwalapo katsabola?"

"Bambo akuti sanadwalepo. Akunyadira."

"Katemera wake analandira?"

"Wa katsabola ayi."

Shefali anadzuka n'kupita pakhonde pamene a Ghoshal ankapukuta timabotolo tawo.

"Amalume, Kakoli asalowe m'nyumba muno."

"Iwe Shefali, ndinakuchiritsa chimfine mamina ali mpaka pachibwano. Lero wavala zoyera ndiye uzindilamula pakhomo panga?"

"Timibulu tanu ndinakula nato, amalume, ndipo kutsekemera kwake sindikutsutsa. Koma tamverani. Ana ambiri katsabola amachira okha. Muwapatse timibulu, achira. Musawapatse, achiranso. N'chifukwa chake timaoneka ngati tagwira ntchito. Koma kuteteza munthu sitingathe. Ngati Kakoli sanadwalepo, ndiye kuti thupi lake silidziwa kulimbana nawo. Anangokhala ndi mwayi."

"Mwayi! Zaka zonsezi ndi mwayi?"

"Kwa mayi woyembekezera katsabola si masewera. Angathe kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa. Akamugwira atatsala pang'ono kubereka, mwana amabadwa nawo, ndipo makanda ena sapirira. Matendawa amayenda mumpweya. Sipafunika kukhudzana, kukhala chipinda chimodzi n'kokwanira. Adikire mpaka matuza onse a Putul atauma n'kuchita nkhanambo. Inunso, poti simunadwalepo, musamuyandikire Kakoli kwa masabata atatu."

A Ghoshal anatseka bokosi mwamphamvu.

"Ndaitana abale. Nsomba ndaitanitsa kale. Mwana wanga woyamba kukhala ndi pakati ndimubweze ngati wopemphetsa? Apongozi ake ku Asansol adzati chiyani? Amake Putul, ndikukuletsani, musamuimbire foni."

"Bambo, ndimuimbira," anatero Jhumur.

Chilowereni m'banjamo anali asanawayankhepo chotero. A Ghoshal anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, koma iye sanagwetse nkhope.

Anadikira kuti Putul amwe madzi, kenaka anaimba. Kakoli anayankha akuseka.

"Alamu, Ababa andiimbira kale. Akuti ndi tizilonda ta kutentha chabe, ndipo inu mwatengeka ndi zonena za Shefali."

"Si tizilonda ta kutentha. Ndi katsabola. Musabwere kuno, chonde. Pitani kwa azakhali anu kutsidya kwa njanji."

"Aa, alamu, mwatopa kuphika kodi? Ine ndalongedza kale. Mankhwala a Ababa sanandigwiritsepo mwala. Tionana mawa."

Tsiku lotsatira Jhumur analawirira kukhitchini. Anaphika zonse monga mwa mwambo: mpunga, nyemba za dalo, ndiwo zamasamba zokazinga, mutu wa nsomba yaikulu, ndi phala la mpunga wa mkaka. A Ghoshal ataona utsi ndi kumva fungo anamwetulira, poganiza kuti mpongozi wawo wagonja. Koma iye ankaika chakudya chilichonse m'zitini zotsekera n'kuzisanja pafupi ndi khomo.

Dzuwa litakwera anatuluka, natseka geti lachitsulo ndi loko. Makiyi anawamangirira kunsonga kwa sari, nsalu yaitali imene anavala, naima pomwepo.

Pasanapite nthawi rikisho, njinga yonyamula anthu, inaima panja. Kakoli anatsika pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, mwamuna wake ali pambuyo ndi zikwama.

"Alamu, tsekulani. Miyendo yatupa iyi."

"Sinditsekula."

Kakoli anaseka, koma ataona nkhope ya Jhumur anasiya.

A Ghoshal anatuluka ndi kabotolo m'manja. "N'chiyani chimenechi? Amake Putul, makiyi!"

"Sindikupatsani, Bambo."

"Nyumba ino ndi ya yani?"

"Ndi yanu. Mukafuna mundithamangitse madzulo ano, ndipita kwathu ndi mwana wanga wodwalayo. Koma alamu salowa muno ine ndili chiimire."

Mazenera a nyumba zoyandikana anayamba kutseguka. Mayi wina anafuula kuchokera pamwamba: "Taonani akazi a masiku ano! Kutsekera mwana wa mwini nyumba panja!" Wina anayankha: "Akufuna adye yekha mutu wa nsomba!" Anthu anaseka.

Jhumur anamva manyazi, koma sanasunthe. Anakweza mawu kuti onse amve.

"Sekani. Mwana wanga ali ndi katsabola. Amene ali ndi pakati kapena khanda asayandikire nyumba ino. Ndipo timibulu timene mwalandira kwa Bambo tisakunamizeni kuti ndinu otetezedwa."

A Ghoshal anamukalipira.

"Mukundinyoza pamaso pa anthu anga?"

"Sindikukunyozani, Bambo. Mwathandiza anthu ndi mtima wabwino, aliyense akudziwa. Koma ndiyankheni. Mukalakwitsa inu, amene adzagone m'chipatala ndani? Ndikalakwitsa ine, tataya chiyani? Phwando lokha, ndipo phwandolo lili m'zitinimu."

Kakoli anayamba kulira. "Alamu, ine ndimafuna ndikhale pamalo pamene amayi ankakhala. Ndimafuna Putul pamiyendo panga."

"Putul adzakhala pamiyendo panu akachira, ndipo adzakutopetsani. Lero ndikufuna kuteteza mwana ali m'mimbayo."

Nthawi yomweyo pazenera la m'mwamba panaoneka Putul. Matuza anali atafika kunkhope ndi m'mutu. Anakweza kadzanja kake.

"Azakhali! Taonani madontho anga!"

Kakoli anayang'ana m'mwamba, kenaka anatembenukira kwa bambo ake.

"Ababa, munati ndi tizilonda ta kutentha."

Mwamuna wa Kakoli anabwezera zikwama pa rikisho.

Shefali anafika atavala zakuntchito. "Tiyeni, ndikuperekezeni kwa adokotala kaye, kenaka kwa azakhali." Jhumur anapatsira zitini zija pamwamba pa geti, chimodzichimodzi. Adokotala atayeza magazi a Kakoli anapeza kuti analibedi chitetezo cha katsabola. Anamuuza kuti poti sanalowe m'nyumbamo panalibe choopsa, ndipo kuti akadzabereka adzalandire katemera.

Phwando linachitikira kwa azakhali, ndipo pamiyendo pa Kakoli panakhala mwana wa mnansi wawo. A Ghoshal anakana kudya tsiku limenelo. Kwa masiku ambiri sankalankhula ndi mpongozi wawo. Akafuna tiyi ankauza khoma kuti, "M'nyumba muno kale munkapezeka tiyi." Jhumur ankangobweretsa tiyiyo. Koma mdzukulu wawo sanamutaye. Ankakhala pambali pa bedi lake akumukupiza ndi masamba a nimu, ndipo m'mawa uliwonse ankamwa timibulu tawo toteteza.

Putul anachira bwinobwino. Matuza anauma, nkhanambo zinayoyoka, nayambanso kuthamanga pabwalo.

Patatha pafupifupi masabata awiri, a Ghoshal anadzuka mutu ukuwawa, thupi likutentha. Pofika madzulo matuza anatuluka pachifuwa. Anatsekula bokosi lawo, koma Jhumur anali ataitana kale rikisho.

"Bambo, tikupita kuchipatala. Kwa munthu wamkulu mankhwala ake amafunika kuyamba msanga."

"Ndikakana mutseka geti?"

"Ayi, ulendo uno ndilitsekula, ndipo mutulukira pomwepo."

Adokotala anawapatsa mankhwala olimbana ndi kachilombo ka katsabola. Ngakhale zinali choncho, matendawo anawazunza. Matuza analowa m'kamwa moti kumeza madzi kunali kowawa, ndipo anayamba kutsokomola ndi kubanika mpaka anawagoneka m'chipatala masiku angapo. Atabwerera kunyumba anali ataonda, nkhope yonse ili mawangamawanga.

Tsiku lina Jhumur akuwapatsa phala, a Ghoshal anamugwira dzanja.

"Amake Putul, pamene ndinkalephera kupuma ndinkangoganiza chinthu chimodzi. Chifuwa chimenechi chikanakhala cha Kakoli, ali ndi mwana m'mimba. Ndinamwa timibulu tanga osaphonya. Simunandinyoze tsiku lija. Ndinalakwa ndine."

"Idyani, Bambo, phala lizizira."

Kakoli anachira mwana wamkazi wathanzi. A Ghoshal anadikira mpaka adokotala atanena kuti sangapatsirenso munthu, ndipo pokhapo Kakoli anabwera kwawo ndi khandalo. Anansi anasonkhana kudzaona mwana. Mayi uja anafuula pazenera anabweranso, atanyamula mdzukulu wake wotentha thupi, kudzapempha timibulu.

"Mayi, musalowe naye kuno, muli khanda," anatero a Ghoshal atayima pakhomo. "Pitani naye kwa Shefali amuone. Ndikadziwa chimene akudwala, tidzacheze."

Phunziro

Katsabola mwa ana ambiri amatha yekha, koma zimenezi sizitanthauza kuti timibulu ta homiyopathi tamuchiritsa, ndipo timibuluti sititeteza munthu kuti asatenge matendawa. Chimene chimateteza ndi katemera, komanso kupatula wodwala mpaka matuza onse atauma. Mayi woyembekezera amene sanadwalepo katsabola, khanda, ndi munthu amene thupi lake ndi lofooka asayandikire wodwalayo. Ngati ayandikana naye kale, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kuti matuza atuluke. Phwando lingathe kusamutsidwa ndipo mkwiyo wa akuluakulu umatha. Ngati mukudziwa kuti moyo wa mayi ndi mwana uli pangozi, kanani mwaulemu, ndipo musasunthe.