Kangachepe Kanapita M'dzanja Lolakwika

Tsiku loti ndikaonane koyamba ndi bambo ake a bwenzi langa, mnzanga wa ku ofesi amene timamutcha Katswiri anandikokera pambali.

"Kumalo odyera apamwamba, kangachepe sadikira pomaliza," anatero. "Ukangolowa, umufumbatitse kenakake woperekera zakudya. Azikusamala ngati bwana, apongozi aone kuti ndiwe munthu wodziwika."

Ndinafika msanga kumalo odyerako masanawo. Pafupi ndi kauntala panaima bambo wina waimvi, atavala shati yoyera ndi thalauza lakuda, pepala la zakudya lili m'manja. Ndinapinda ndalama n'kuwafumbatitsa.

"Madala, mutipezere tebulo la pawindo. Ndikulandira apongozi lero. Akuti ndi munthu wovuta, ndiye zinthu zizibwera msangamsanga."

Anayang'ana ndalamayo, kenako ine. "Wovuta bwanji?"

"Aa, si mukuzidziwa nkhalamba zopuma pantchito? Chilichonse mafunso."

Anaika ndalamayo m'thumba. Ananditsogolera pawindo, n'kundikokera mpando, mpaka kundithirira madzi m'tambula. Ndikumwa madziwo, bwenzi langa linalowa likupuma mwawefuwefu.

"Ababa! Kani mwapezana kale?"

Madzi ananditsamwa. Ndinadzambatuka, bondo n'kugunda tebulo, mafoloko kuti ngwerere pansi. Ndinasowa poika nkhope.

"Tapezana," anatero bambowo, akukhala. Anakodola mayi amene amaperekeradi zakudya, n'kumupatsa ndalama ija. "Mayi, iyi ndi yanu. Inasochera panjira."

Bambowo sanamuuze kanthu mwana wawo. Ankadya mwachifatse, akundifunsa za ntchito ndi za makolo anga, ine ndikuyankhira m'mbale. Chakudya chinali chokoma, koma ine ndinkangochitembenuza ndi foloko. Kolala ya shati inanyowa ndi thukuta.

Bwenzi langa litapita kukasamba m'manja, ndinatsitsa mawu. "Bambo, ndalakwa kwambiri. Ndinakuyesani wantchito wa pano."

Anaika foloko pansi. "Pamenepo palibe cholakwa. Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zisanu ndi ziwiri ndisanakhale mphunzitsi. Mbale zotentha ndanyamula, matebulo ndapukuta. Chandiwawa n'chakuti simunandipatse moni. Munayamba ndi ndalama, ngati mukuponyera galu fupa."

Ndikanakonda akanandikalipira. Koma analankhula motsitsa, akundilemekeza ndi "inu," ndipo mawuwo analowa mpaka m'mafupa.

Mayi uja atabwera kudzachotsa mbale, ndinamuyang'ana kumaso kwa nthawi yoyamba. Anali wamkulu ngati mayi anga, chala china chomanga bandeji. Ndinati, "Zikomo kwambiri, amayi."

Panja, bambowo anandigwira chanza nthawi yaitali.

"Mwezi wamawa mubwere kunyumba ndi akuluakulu akwanu," anatero.

Bwenzi langa linalumpha ndi chimwemwe, n'kundifunsa chifukwa chake sindikuseka. Ndinanama kuti mutu ukundiwawa. Nditawakweza takisi, ndinayenda wapansi mpaka ku ofesi, n'kukhala pa desiki osayatsa ngakhale kompyuta.