Pulagi ya Firiji

"Koma fungo limeneli likuchokera kuti?" anafunsa mayi wa m'nyumbamo atangotsegula chitseko.

Amuna awo, Bambo Zimitsani, anali pambuyo ndi zikwama. Dzinali anapatsidwa ndi anzawo a pa nyumba za lendi, chifukwa iwo babu loyaka masana linkawasowetsa mtendere. Ankathimitsa chilichonse: wailesi, fani, ngakhale tchaja ya mlendo. "Magetsi amenewa amawononga chilengedwe, anthu inu," ankatero, ndipo sikuti ankanama ayi.

Koma Lachisanu lija, ponyamuka kupita ku ukwati wa mlamu wawo, galimoto ikuliza hutala panja, anathamanga m'zipinda monse kuzula mapulagi. Anazula ndi ya firiji yomwe.

Pansi panali madzi okhaokha. Mayi aja anatsegula firiji atagwira mphuno, n'kutulutsa nyama yowola ndi mkaka wosasa. Kenako anangoti chilili, kabokosi koyera kali m'manja.

"Mayo ine! Mankhwala a atelala!"

Atelala anali nkhalamba ya khomo loyandikana nalo, yodwala shuga. Analibe firiji, choncho timabotolo tawo ta jakisoni ankasungitsa kuno, n'kumatenga kamodzikamodzi. Kuchipatala anawauza kuti mankhwalawo akatenthedwa amatha mphamvu, ndipo masiku amenewo kunja kunali kotentha ngati ng'anjo.

Bambo Zimitsani anabwezera pulagi msangamsanga, firiji n'kuyamba kulira.

"Tingobwezeramo, tizizira," ananong'ona. "Adziwa bwanji?"

Akazi awo anawatembenukira.

"Bambo a ana, mwati chiyani? Mkulu uja azidzibaya madzi kuti inu musachite manyazi?"

Mawu aja anali atatuluka kale, Bambo Zimitsani sakanawameza. Manyazi anawagwira, a pulagi pang'ono chabe, koma makamaka a zimene pakamwa pawo panayankhula. Anatenga kabokosi kaja n'kutuluka ali wera.

M'kanjira ka pakati pa makomo babu linali kuyaka, dzuwa lili phwee. Linali babu lomwe Bambo Zimitsani ankawakalipira nalo atelala sabata ndi sabata, ana akumva.

Anawapeza pa makina osokera, nkhope ili pafupi ndi nsalu, akufufuza ulusi ndi zala.

"Mwabwerako, a Zimitsani? Ukwati unakoma? Kapena munawathimitsira zoimbira?"

"Bambo, ndalakwa. Ndinazula firiji. Mankhwala anu akhala pamotentha chichokereni ife."

Makina anaima. Atelala analandira kabokosi, nakagwira ndi manja onse awiri.

"Kabotolo kamene ndili nako katha mawa," anatero chapansipansi. Anapumira m'mwamba. "Basi, madzi akatayika saoleka. Ndikapempha ena kuchipatala, kaya akandimvera. Chovuta n'chakuti maso angawa shuga anawadya. Masitepe a kumeneko sindiwaona, ngakhale awa a pakhomo pano. N'chifukwa chake babu lija ndimalisiya."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa?"

Bambo Zimitsani anayang'ana lumo, anayang'ana tizidutswa ta nsalu pansi.

"Mawa sindipita kuntchito," anatero. "Ndikuperekezani, ndipo ndikanena ndekha kuti wolakwa ndine."

"Mukavale nsapato zofewa, mwanawe. Mzere wake ndi wautali."

Potuluka, dzanja lawo linakwera lokha kupita pa switchi ya m'kanjira muja, mwachizolowezi. Linafika mpaka kuikhudza. Analibweza, n'kulilowetsa m'thumba, nadutsa pansi pa babu lija likuyaka.