Mwala M'manda a Bambo

Zaka zinayi ndinaphunzira za miyala ndi nthaka ku yunivesite. Bambo ankalengeza pamsika wa Ndunde kuti Funsani wawo adzakumba golide. Ndinamaliza, ndinalemba makalata ofunsira ntchito mpaka dzanja kuuma, koma palibe kampani ya migodi inandiyankha. Chaka chachitatu ndili pakhomo, bambo anamwalira.

Adzukulu atakumba manda kufika m'chiuno, khasu linagunda thanthwe. Manong'onong'o anayamba pomwepo, ati malemuwa anali ouma mtima, n'chifukwa chake nthaka ikuwakana.

Ndinapsa mtima. Bambo anga, amene anavala jekete limodzi zaka khumi kuti ine ndiphunzire, lero akhale ouma mtima chifukwa cha mwala? Mwala umenewo unalipo agogo a onsewo asanabadwe!

Ndinazungulira manda onse ndikuyang'ana nthaka, kenako ndinaloza kumunsi, pafupi ndi chulu.

"Kumbani apa," ndinatero.

A Alufeyo, mkulu wa adzukulu, anandiyang'ana mokayika, komabe analamula kuti ayese. Khasu linalowa mpaka pansi osakhudza ngakhale kamwala.

"Achimwene, sukulu yanu ija ndi yeniyeni," anatero a Alufeyo.

Kuyambira tsiku limenelo, maliro akangochitika amandigogodera m'mamawa. Midzi isanu tsopano ikundidziwa, ndipo sindinaphonyepo.

Bambo, kukumba kuja ndikukumbadi. Kungoti m'maenje mwangamu sititulutsamo kanthu, timangosiyamo anthu.